Alendo 28 ndi bream imene tinalonjeza

Foni inalira Lachitatu madzulo tili mu situdiyo, tikusankha nyimbo za pulogalamu ya achinyamata. Anali ba manejala a loji ina ya kufupi ndi mtsinje, omwe nthawi zina amatipatsa kachilengezo kuti tiwerenge pa wailesi. Nkhani yawo inali yakuti Lachisanu usiku kudzafika basi ya aphunzitsi 28 ochokera ku Lilongwe, ali pa ulendo wa ku Livingstone kukaona mathithi. Adzagona kawiri, chifukwa msewu wa Mchinji, Chipata, Luangwa mpaka Lusaka si wamasewera, ndipo dalaivala anali mmodzi yekha. Loweruka lonse analibe chochita. "Imwe ba wailesi mudziwa Kafue yonse," anatero. "Bwerani muwayendetseko, asakhale chabe mu marumu."

Tinavomera osaganiza n'komwe. Tinali atatu, tonse ongodzipereka pa wailesi, tonse okulira mu Estates. Foni itadulidwa tinayang'anana. Kodi munthu amene akupita kukaona Mosi-oa-Tunya ungamuonetse chiyani mu Kafue?

Musaseke, anzathu, funsoli ndi lolemera. Kafue ndi tauni imene anthu amaiona pa windo. Mabasi a ku Livingstone amadutsa, mathiraki a ku Chirundu amadutsa, a ku Lusaka opita ku Siavonga kukasangalala amadutsa. Amachepetsa liwiro pa mahampu, amasuzumira mtsinje pa mlatho, kenako pa Turnpike aliyense amalowera kwake. Tili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Lusaka, pafupi kwambiri moti palibe amene amakhala atatopa kuti ayime. Ngakhale ife eni ake, mlendo akabwera kunyumba timamukweza minibasi kukamuonetsa ma mall a ku Lusaka.

Mawa lake tinapita ku loji kuja kukamvana. M'chipinda chilichonse muli kapepala kouza alendo malo oti akaone. Tinakawerenga. Munda Wanga, ku Chilanga. Malo odyera, ku Lusaka. Ndipo pamwamba penipeni, Kafue National Park. Apa ndiye tinaseka mpaka misozi, chifukwa alendo ambiri amaganiza kuti akafika mu Kafue ndiye kuti njovu zili kuseri kwa msika. Pakiyo inatenga dzina ku mtsinje womwewu, koma kuti ukafikeko uyenera kubwerera ku Lusaka, ugwire msewu wa Mumbwa, uyende maola angapo kulowera kumadzulo. Pa kapepala konse panalibe chinthu chimodzi chimene munthu angafikeko wapansi kuchokera pa geti ya lojiyo.

Ba manejala anatipatsa foni kuti tikambe ndi mtsogoleri wa gululo, bambo aulemu kwambiri a Chichewa chozama, chija timangochimva m'Baibulo ndi kwa agogo a ku Katete. Apa m'pamene pakamwa panatipweteketsa. Mmodzi wa ife, pofuna kukometsa nkhani, anati: "Bambo, mudzadya bream ya mu Kafue, yochoka m'madzi m'mawa womwewo. Chambo yanu idzachita manyazi." Bambowo anaseka, nati ayamba kale kumeza malovu.

Tili m'njira kubwerera m'pamene tinakumbuka kuti unali mwezi wa Januwale, chaka cha 2025. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi mu mtsinje wa Kafue ndi m'madzi ena ambiri, kuti nsomba ziswane. Ndipo amene anali kuwerenga chilengezo chimenecho pa wailesi kwa milungu isanu ndi umodzi, m'mawa ndi madzulo, mwa mawu amphamvu ngati a apolisi, tinali ife tomwe.

Mu Kafue palibe mwana amene sadziwa kuti nsomba sizitha chifukwa cha chilengezo. Mnzathu wina wa m'komboni atamva vuto lathu anati tisadandaule, pali munthu amene angabweretse usiku, zobisika pansi pa masamba a chibwabwa, mtengo wokwera pang'ono. Tinakangana usiku wonse wa Lachinayi, ndipo mkangano wake sunali wophweka monga mungaganizire. Mtsikana amene timagwira naye nchito anakula ndi ndalama za nsomba. Amayi ake amakagula kwa asodzi ku Chanyanya n'kumagulitsa pa msika. Iye anati ife timawerenga chiletso tili pa mpando wofewa, koma kwa asodzi miyezi itatu imeneyi ndi ya njala, ndipo imagwera nthawi imene ana afuna mayunifomu ndi mabuku. Anati munthu wobweretsa nsomba usiku si chigawenga, ndi kholo. Sitinamutsutse, chifukwa sananame. Koma tinamufunsa kuti, Lolemba tikakhala pa maikolofoni n'kunena kuti osagula nsomba zoletsedwa, mawuwo adzatuluka bwanji pakhosi? Kafue ndi yaing'ono. Nsomba 30 sizingalowe mu msika popanda woona. Komanso amayi ake omwewo ndi amene amadandaula chaka ndi chaka kuti nsomba zikuchepa, ndipo zogwidwazo n'zazing'ono ngati chikhatho cha mwana.

Pomaliza tinagwirizana kugula bream yoweta, ija ya m'madamu ndi m'makeji a ku Siavonga, imene imaloledwa chaka chonse, ndi kusunga lisiti lake. Tinagwirizananso kuti tidzawauza alendowo zoona. Mbali yachiwiriyi ndi imene aliyense anafuna kuti anene mnzake.

Loweruka kunacha ndi kamvula kowaza. Tinakwera basi yawo, tinapatsidwa moni wautali mpaka tinachita manyazi ndi "muli bwanji" wathu wachidule. Tinayambira ku Estates, osati chifukwa choti tinakonza bwino, koma chifukwa n'kumene timadziwa.

Kwa ife Estates ndi nyumba chabe, misewu yokumbika ndi mitengo ya mango. Koma titayamba kufotokoza tinadzimva tikukamba nkhani imene sitinaikambepo. Malo amenewa sanamere okha ngati komboni. Anachita kujambulidwa pa pepala m'zaka zoyamba za ufulu, nthawi ya a Kaunda, pamene boma linaganiza zomanga tauni ya mafakitale m'mbali mwa mtsinje ndi njanji. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970. Panali Kafue Textiles, yopanga nsalu ndi zitenje. Panali fakitale yofufuta zikopa ya Bata. Antchito anachokera kumadera onse a dziko, n'chifukwa chake mu mzere umodzi wa nyumba mumapeza Mtonga, Mlozi, Mbemba ndi Mngoni, ana awo onse akukamba Chinyanja chimodzi chosakaniza chimene aphunzitsi a ku Lilongwe aja anali kuchimvetsera akumwetulira.

Tinadutsa pa nyumba ya aneba athu ena okalamba, amene anagwira nchito ku fakitale ya nsalu mpaka inatseka. Anali pakhonde akusoka nsapato. Tinangofuna kuwapatsa moni, koma iwo ataona basi yachilendo anaimirira, navala jekete, nabwera. Kwa mphindi pafupifupi 40 anthu 28 anaima m'matope kumvetsera. Anawauza za mashifiti atatu, za njinga zodzaza msewu m'mawa, za phokoso la makina limene linkawasiya akukuwa ngakhale atafika kunyumba, za tsiku la malipiro pamene butchala inkatha nyama dzuwa lisanapendeke. Kenako analowa m'nyumba natulutsa chitenje chakale cha akazi awo omwalira, chopangidwa konkuno, mitundu yake isanafwifwe. Amayi ena a m'gululo anachigwira, nachikoka, nachinunkhiza, nati nsalu yotere siipezekanso. Ife tinakulira pafupi ndi nyumba imeneyi, mango awo tinawabera, koma chitenjecho sitinachionepo. Panalibe amene anawafunsapo.

Ku mtsinje zinthu zinayenda mwachangu. Tinawaonetsa mlatho wa njanji umene unamangidwa mu 1906, chaka chimodzi pambuyo pa uja wa pa mathithi, wautali mamita 427, ndipo mpaka lero sitima zikudutsapo. Tinawaonetsa udzu woyandama uja timautcha Kafue weed, umene umatseka njira za mabwato. Tinawauza za ma crayfish, tizilombo tachilendo timene tinalowa mu mtsinje ndipo timadya nsomba zokodwa mu ukonde asodzi asanafike. Ena amatigulitsa kwa Matchaina, ambiri a ife sititikhudza n'komwe. Mvuu zinakana kuoneka. Tinaloza ku mapiri kumene kuli Kafue Gorge, n'kuwauza kuti kumeneko kuli malo awiri opangira magetsi, akale a m'zaka za m'ma 1970 ndi atsopano a mamegawati 750 amene anatsegulidwa onse mu 2023. Bambo wina anafunsa mwaulemu chifukwa chimene ku loji jenereta inalira usiku wonse. Tinamuuza za chilala cha 2024 ndi kuchepa kwa madzi ku Kariba. Anagwedeza mutu nati kwawo nyimboyi amaidziwa bwino. Tinawauzanso kuti mbali ya madzi amene a ku Lusaka amamwa amapopedwa konkuno, pa Iolanda. Mawu amenewa timawanena monyada nthawi zonse, ngakhale tsiku limene mpopi wathu uli gwa.

Chimene chinawagwira mtima sitinachiyembekezere. Tinatchula mongodutsa kuti Kafue Boys inayamba ngati sukulu ya amishoni a Methodist mu 1918, ndipo a Harry Mwaanga Nkumbula anaphunzirapo. Mphunzitsi wina wa mbiri yakale anaimitsa aliyense. Anati kodi tikudziwa kuti a Nkumbula omwewo ali ku London mu 1949 analemba limodzi ndi a Kamuzu Banda chikalata chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland? Ife tinangodziwa kuti bwalo la ndege la ku Livingstone lili ndi dzina lawo. Pamenepo m'mbali mwa mtsinje anatiphunzitsa za chitaganyacho, chimene chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ife otsogolera alendo tili chete ngati ana a giredi 7. Wina anawonjeza kuti amalume ake anakalowa mgodi ku Copperbelt ndipo sanabwerere. Wina anati agogo ake anaikidwa ku Kabwe. Zinapezeka kuti mwa anthu 28, oposa theka anali ndi wachibale amene anadutsa pa mlatho umenewu kapena kugwira nchito m'dziko muno.

Tsopano chakudya, pomwe panali mtima wathu wonse.

Tinali titapangana ndi amayi ena amene amaphika nsima pa msika, kumene ife timadya tikalandira kangachepe. Atamva chiwerengero anatiyang'ana ngati tapenga. Malo awo amakhala anthu asanu ndi atatu, ndipo mbale ali nazo 15. Anati sagula kanthu popanda ya patsogolo, chifukwa anaonapo anthu a ma workshop akuitanitsa chakudya n'kusowa. Tinasonkha zathu. Iwo anaitana anzawo awiri a m'mashopu oyandikana, anabwereka mabenchi ku tchalitchi, anayatsa mbaula zisanu kuyambira m'mawa. Titafika ndi basi, msika wonse unaima kuonerera.

Mwana wawo anazungulira ndi jagi ndi beseni kusambitsa anthu m'manja, kuyambira akuluakulu. Kenako mbale zinayamba kubwera: nsima ya breakfast kwa ofuna yoyera ndi ya roller kwa ofuna yokhalitsa m'mimba, nkhuku ya kumudzi, kapenta wa ku Siavonga wokazinga ndi tomato, bowa chifukwa inali nyengo yake, impwa, nyemba za kabulangeti, chikanda chodula mapisi, ndi bream ija yokazinga yathunthu. Phokoso linabuka pa mayina. Ife tikati chibwabwa, iwo akuti nkhwani. Ife kalembula, iwo kholowa. Ife delele, iwo therere. Ife bondwe, iwo bonongwe. Ifisashi anaidya nati, "Aa, izi ndi ndiwo zotendera basi, mwangozipatsa dzina la Chibemba." Munkoyo anauyerekeza ndi thobwa, nagawanika pawiri, ena akuti ukoma, ena akuti ukusowa chimera. Amayi ophikawo, amene poyamba anali ndi mantha, anayamba kuyankha mokweza ali pa mbaula: "Dyani ba teacher, vakudya viliko maningi!" Aphunzitsi a Chichewa anatulutsa cholembera kulemba chiganizocho.

Nsomba zitafika pakati, mtsogoleri uja anaimika dzanja nati chambo yachitadi manyazi, bream ya mu Kafue ndi yonona. Tinagundana zigongono. Mtsikana mnzathu uja, yemweyo amene anali kumbali ya asodzi, ndi amene anaimirira. Anati, "Bambo, mutikhululukire. Nsomba iyi sinaone mtsinje umene mwauona. Ndi yoweta. Mtsinje ndi wotseka mpaka Malichi, ndipo tinalonjeza tisanaganize." Panakhala kachete pang'ono. Bambowo anapukuta m'manja, nati kwawonso nyanja imatsekedwa kumapeto kwa chaka kuti chambo iswane, ndipo akanamva pambuyo pake kuti tawadyetsa yozembetsa, iwo monga aphunzitsi akanachita manyazi kuposa ife. Kenako anapempha mutu wa nsomba umene mnzawo anausiya.

Tisakunamizeni kuti zonse zinali bwino. Atatha kudya amayi angapo anatikokera pambali kufunsa kokadzithandiza. Apa ndiye tinazizidwa. Chimbudzi chapafupi chinali cholipira, chopanda madzi tsiku limenelo, ndipo pakhomo pake panali chithaphwi. Tinathamanga kukapempha kunyumba ina yapafupi, eni ake anavomera mwachifundo, amayi 16 anaima pa mzere kuseri kwa nyumba ya munthu wosamudziwa. Palibe amene anadandaula, ndipo zimenezo zinatipweteka kwambiri kuposa akanadandaula. Tinakonza mbiri, tinakonza ndiwo, chinthu choyamba chimene gulu lililonse la anthu lifuna sitinachiganize. Pa kulipira napo panali chisokonezo, chifukwa ena anali ndi makwacha a ku Malawi okhaokha, ndipo amayi ophika atamva "sauzande" anaganiza kuti alemera. Mtsogoleri analipira zonse pamodzi m'makwacha athu, anthu ake adzamubwezera m'basi.

Madzulo amayiwo anawerenga ndalama kawiri, anagawana ndi anzawo aja, anatibwezera ya patsogolo, nati zotsalazo sazipeza ngakhale pa masiku anayi abwino. Wogulitsa makala anapezapo. Wa chikanda anapezapo. Mnyamata wa chimanga chootcha pa geti anamaliza thumba lonse. Telala wina anagulitsa malaya atatu a chitenje amene anakhala pa hang'ala kuyambira Khirisimasi.

Amene sanakondwere ndi ba manejala. Titabweza alendo anatiitanira mu ofesi. Anati iwo anatipempha kuwayendetsa anthu, osati kuwachotsera chakudya chamasana cha anthu 28, ndipo khitchini yawo inali itagula kale nkhuku ndi mbatata za tchipisi. Anafunsanso kuti wina akanadwala m'mimba, kolera ya chaka chatha tikuikumbuka tonse, dzina loipa likanagwera ndani? Tinalibe yankho labwino. Pa nkhuku zija analondola, tinayenera kuwauza Lachinayi. Pa za ukhondo analondolanso theka. Tinaona ndi maso athu kuti zonse zaphikidwa pomwepo ndipo zabwera zotentha, madzi akumwa tinagula a m'mabotolo, koma chimbudzi chija chinali m'maganizo mwathu ndipo sitinachitchule. Chimene sitinavomere ndi maganizo akuti mlendo akalowa pa geti ya loji ndiye kuti ndalama yake yonse iyenera kuthera mkati mwa mpanda. Alendowo anagona kawiri, anadya m'mawa ndi madzulo komweko, anamwa zakumwa za pa bala yawo. Mbale imodzi yokha ndi imene inatuluka panja. Tinasiyana mwaulemu koma mozizira, ndipo kachilengezo kawo sikanabwere mwezi wotsatira.

Patapita milungu ingapo, pa 18 Febuluwale, damu la zinyalala za mgodi linaphulika ku Chambishi, madzi a asidi analowa mu Mwambashi n'kutsikira mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa kumtunda uko, ndipo ku Kitwe anatseka madzi. Ife tili kutali kumunsi, koma mtsinje ndi womwewu, ndipo usodzi utatsegulidwa anthu pa msika anali kufunsa kawiri asanagule. Asodzi amene anadikira miyezi itatu mokhulupirika anatsegulira pa msika wa anthu amantha. Mafoni a pa pulogalamu yathu sabata imeneyo anali a mkwiyo, ndipo wina anafunsa chifukwa chimene munthu wa kaukonde kamodzi amalandidwa bwato pamene wothira asidi akali kukambirana m'maofesi. Tinamusiya amalize, sitinamudule.

Usiku wina wa sabata lomwelo uthenga unalowa pa WhatsApp kuchokera ku nambala ya ku Malawi. Anali mphunzitsi wa mbiri uja. Anamva nkhaniyo pa wailesi kwawo. Sanafunse za mathithi kapena za loji. Anafunsa ngati mtsinje wathu uli bwino, ngati madala a chitenje aja ali moyo, ndipo anapempha kuti tiwafunse amayi ophika kuti chikanda amathira soda wochuluka bwanji, chifukwa akazi ake ayesa kawiri chikukana kulimba.

Tinakhala pansi atatu tinalemba kapepala kathu, masamba awiri. Tinaikamo mlatho wa njanji, ulendo wapansi wa mu Estates ndi nthawi imene madala aja amapezeka pakhonde (tinawapempha, anavomera, anati tiwauze dzulo lake kuti achape jekete), miyezi imene nsomba za mu mtsinje zimaloledwa ndi imene siziloledwa, malo atatu odyera nsima ndi kuchuluka kwa anthu amene aliyense angakwanitse, ndiponso, pamwamba pa zonse, kumene kuli zimbudzi zamadzi. Mbali imeneyi inatitengera masiku awiri oyenda, ndipo tinapeza ziwiri zokha zimene tingalozereko amayi a munthu. Tinasindikiza makope 20 ndi ndalama zathu, tinasiya m'maloji anayi. Awiri anaika pa tebulo la alendo. Amodzi anati adzationa. Ba manejala athu aja analandira, anawerenga mpaka pansi, anatiuza kuti tinalakwitsa sipeling'i ya dzina la loji yawo, naika mu dirowa.

Amayi ophika aja anagula mbale zina 20 ndi beseni latsopano. Tikadutsa pa msika amatikuwira tili patali: "Imwe ba wailesi, basi ibwera liti?"